Makutu a Makaniko

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndadyera makutu angawa.
Galimoto ikamakwera chitunda cha ku Fauske
ndinkadziwa nthenda yake isanafike pagalaja:
iyo ikutsokomola, ndi mapulagi;
iyo ekizozi yadyeka ndi mchere wa mumsewu;
iyo ndi ya Asbjørn, amene sasintha oyilo
mpaka ade ngati khofi wogonera.

Kenako uthenga unachokera ku Oslo.
Sunali wanga.
Unali wa makasitomala anga:
gulani yamagetsi, msonkho takukhululukirani,
pachipata cholipiritsa tikuchepetserani,
papantoni chimodzimodzi,
ndipo mumzinda muziyenda m'njira ya mabasi
anzanu a dizilo akununkhizana utsi pamzere.

Ndani amakana ndalama yodzibweretsa yokha?
Sindiwada ayi.
Anayamba ndi Solfrid, mphunzitsi wa masamu,
anabwera ndi keke kudzanditsanzika
ngati wosamuka ndine.
Kenako m'busa, kenako wa positi,
mapeto ake Asbjørn yemwe uja.

Tsopano zimangodutsa, phee,
ngati amphaka pa chipale chofewa.
Ndimatchera khutu, khutu limabwerako chimanjamanja.
Zikhadabo zanga zayera
koyamba chikwatirireni.

Mwana wanga Eirin amagwira ntchito pakati pa nyanja,
masabata awiri akupopa mafuta pansi pa madzi.
Ndinamufunsa: nanga amapita kuti, poti ife tasiya?
Anaseka. Akuti amakapsera kwa ena, bambo,
kuno kumabwera ndalama zokha.
Ndinati basi, utsi tinautumiza kuulendo,
bata ili tikugula ndi chifuwa cha anthu osawadziwa.
Anati musayambe, idyani nsomba ikuzizira.

Amene anandigonjetsa ndi Ragnfrid, mkazi wanga,
ndi pensulo, kuseri kwa envulopu:
dizilo wa ku Bodø, kupita ndi kubwera,
zipata, msonkho wa pachaka.
Anadula mzere pansi, nandisunthira pepalalo.
Masamu alibe chibale.

Tsiku lomwe inabwera ndinatsegula boneti.
Munalibe kanthu. Kabokosi koika zikwama.
Ndinaima pamenepo nthawi yaitali,
kenako ndinaikamo sipanala yanga ya khumi ndi zitatu
kuti musakhale mopanda munthu.

Lachiwiri tinanyamuka kusanache,
akuti akufuna dokotala amuone bondo.
Njira yonse m'mbali mwa nyanja, mdima, magetsi a malole.
Ndinamva matayala akutafuna chipale.
Ndinamva zipi ya jekete lake ikugunda lamba.
Ndinamva ngakhale kumeza kwanga malovu.
Ndiye titadutsa Valnesfjord ndinamva china:
kamluzu kakang'ono, kumanja kwanga,
kakubwera pakutha pa mpweya uliwonse,
ngati valavu yosatseka bwino.

Ndinachepetsa liwiro. Sikanali ka galimoto.

Kanayamba liti?
Anayang'ana pawindo.
Akuti dzinja lathali. Mwina linzake lija.
Bondo lilibe vuto, Torleif.

Madzinja awiri!
Ine womva ekizozi ili kutsidya kwa mlatho,
ndakhala naye mpando umodzi uwu ndi uwu,
injini yanga yokalamba ikubangula pakati pathu,
ine n'kumaiyamikira kuti ikuyimba bwino.

Pachipatala pali mizati yotchajira, isanu ndi umodzi.
Ndalumikiza chingwe. Kagalasi kakuti mphindi makumi anayi.
Iye walowa yekha, wakana kuti ndimuperekeze,
wati ndimafunsa madokotala mafunso a kugalaja.
Pafupi nane mnyamata wa takisi akudya buledi,
akundiuza kuti boma layamba kubweza msonkho pang'onopang'ono,
akuti mwagula mochedwa, bambo.

Ndavomera ndi mutu.
Ndazimitsa wailesi, ndazimitsa chotenthetsera.
Sipanala ili kutsogoloko m'kabokosi kake.
Chitseko cha chipatala chikutseguka, chikutsekeka,
ndipo ndikumvetsera mapazi a aliyense wotuluka.